Zaka Makumi Atatu za Mutu wa Abiti Habibu

Pakhonde la sitolo ina ya zitsulo, kumunsi kwa msika wa Zomba, pamakhala matelala asanu ndi mmodzi, ndipo wamkazi ndi mmodzi yekha. Dzina lake ndi Mwanamvua, koma a m'tauni amamudziwa kuti Abiti Habibu. Ukafuna diresi la ukwati, kapena yunifolomu yoti mwana avale zaka ziwiri osang'ambika m'khwapa, anthu amakulozera kwa iye, kenako n'kukunong'oneza kuti upite ndi mawu owerengeka chifukwa mayiyo ndi waukali. Zoona, ndi waukali. Koma amene anamudziwa kale amati ukali umenewu wabwera dzulodzuloli. Kwa zaka makumi atatu Mwanamvua anali munthu wopepesa. Ankapepesa kwa mwamuna, kwa apongozi, kwa makasitomala, ngakhale kwa madokotala amene.

Anabadwira pamwamba pa phiri, m'nyumba za antchito a zankhalango, kumene bambo ake a Habibu ankagwira ntchito yosadzira mitengo ya paini. Mayi ake ankalima mbatatesi kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka lililonse Mwanamvua ankasenza dengu n'kutsika kanjira kachidule kopita kumsika. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, tsiku lina la dzuwa la Okutobala, anafika pakati pa njira n'kuona kanthu kowala pakona pa diso lamanzere, kokhotakhota ngati mano a sowo, kakunjenjemera. Anatikita diso, koma sikanachoke. Kanakula mpaka theka la njira linasowa. Katazimiririka, mutu unayamba kugunda mbali imodzi ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa diso. Anasanza m'mbali mwa njira, dengu linagubuduka, mbatatesi n'kumwazikira kutsetse. Anagona pansi pa chitsamba atafunda chitenje kumutu mpaka dzuwa litapendeka. Atafika kunyumba anamukalipira chifukwa cha mbatatesizo.

Kuchipatala anati ndi malungo, anamupatsa kolokwini. Patatha masabata awiri mutu unabweranso, anatinso malungo. Zinatero mwezi ndi mwezi, kawiri kapena katatu, ndipo ukabwera unkamugoneka masiku awiri kapena atatu m'chipinda chotseka mawindo, osafuna kumva ngakhale kulira kwa sipuni m'kapu.

Kusukulu anali wanzeru. Aphunzitsi ankanena poyera kuti mtsikanayu akupita kusekondale ya Malosa, ndipo iye anali atadziyesa kale yunifolomu ya kumeneko m'maganizo mwake. Tsiku la mayeso a masamu a Sitandade 8, atangotembenuza pepala, kowala kaja kanatulukira pakona pa diso. Manambala anayamba kudyeka mbali imodzi. Anayankha mafunso anayi, lachisanu anatuluka kukasanza, ndipo woyang'anira mayeso sanamulole kulowanso. Maina a osankhidwa atatuluka, lake munalibe. A Habibu sanamunene. Anangomutengera kwa achemwali awo m'tauni kuti akaphunzire makina osokera.

Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndi a Nasoro, amene ankagulitsa zipangizo za njinga ku Songani. A Nasoro sanali munthu wankhanza. Chaka choyamba, mutu ukabwera, ankapachika okha bulangete pawindo n'kuzimitsa wailesi. Koma pakhomopo pankakhalanso mayi awo, mayi wamasiye wolimbikira ntchito amene sanagonepo masana chibadwire, ndipo mayiwa anali ndi diso lowerenga masiku.

"Mutu wanji wodziwa kalendala?" ankafunsa mwana wawo, mokweza kuti wa m'chipindayo amve. "Tsiku la ukwati wabwera. Tsiku la sadaka wabwera. Mwezi wa Ramazani ndiye usanene. Tsiku lopanda ntchito sindinauonepo."

Chowawa chinali chakuti apongoziwo sankanama kwenikweni. Mutu unkakondadi masiku a utsi wa nkhuni zaziwisi, a fungo la lubani, a kudzuka m'mamawa ndi kuchedwa kudya. Mwanamvua naye ankaziona zimenezi, ndipo ankadzifunsa ngati mwina mumtima mwake munalidi ulesi wobisika umene iye mwini sankaudziwa.

Anamutengera kwa sing'anga, amene anamutema mphini m'litsipa mbali zonse ziwiri. Mwanamvua atafotokoza za kowala kaja, sing'angayo anati ndi majini, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanauzenso munthu aliyense za kanthu kameneka. Anapita kwa shehe, amene anamuwerengera duwa, pemphero la Chisilamu, n'kumuuza mwachilungamo kuti asaleke kupita kuchipatala. Kuchipatala ankapita ndithu. Ankafola kuyambira m'mawa, n'kulowa m'kachipinda cha m'ma leveni koloko.

"Vuto ndi chiyani?"

"Mutu, adokotala."

Cholembera chinkayamba kuyenda iye asanamalize mawu. Kolokwini atatha ntchito kunabwera Fansida, Fansida atatha kunabwera wina. Kenako kunabwera zobaya pachala, ndipo nyimbo inasintha pang'ono. "Mulibe malungo, mayi. Kamweni panado. Muzimwa madzi ambiri, musamaganize kwambiri." Mabuku anayi a kuchipatala anadzaza motero.

Anabereka mwana mmodzi, Sakina. Apongozi atayamba kudwala BP, amene ankapita mwezi uliwonse kukawatengera mankhwala pawindo la chipatala anali Mwanamvua yemweyo, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ankawaikira m'manja m'mawa ndi madzulo, kapu ya madzi ili kudzanja linalo. Tsiku limene mayiwo anamwalira, analira mochokera pansi pa mtima. Koma anachezera kuphika ndi kulandira anthu, ndipo m'mawa wa tsiku loika maliro kowala kaja kanatulukira. Amayi anzake akusambitsa thupi, iye anali chigonere m'chipinda, nsalu atamanga kumutu, beseni lili pambali. Anthu anaona. Achemwali a a Nasoro anati zaka zonsezi ankangodikira tsiku limeneli kuti aonetse mtima wake. Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, a Nasoro anamupatsa talaka yothetsa banja, maso ali pansi.

Anatenga makina ndi mwana, n'kukapeza kanyumba ka lendi ku Chikamveka. Pakhonde la sitolo lija anayamba kukhalapo chaka chomwecho. Ntchito yake inali yosalala, koma makina ake ankavundikiridwa masiku awiri kapena atatu mosayembekezeka. Mkwati wina anakalowa muholo ndi diresi lobwereka chifukwa lake linali lisanamalizidwe, ndipo abale ake anabwera kudzamutukwana pakhondepo anthu akuonerera. Mwanamvua anagwada pasimenti n'kupepesa.

Mu 2022 kunabwera kasitomala wina, nesi wamfupi wolankhula mofulumira dzina lake a Consolata, ali ndi yunifolomu yoti ichepetsedwe m'chiuno. Anapeza Mwanamvua atamanga nsalu kumutu mothina, diso limodzi atatsinzina, akuyesetsa kuwerenga manambala patepi.

"Mutu umenewu umapweteka mbali imodzi?" anafunsa a Consolata, mikono atatambasula kuti ayezedwe.

"Eya."

"Mumasanza nawo?"

"Nthawi zambiri."

"Kuwala ndi phokoso zimakusowetsani mtendere?"

Mwanamvua anasiya kuyeza.

"Nanga usanayambe, pali chimene mumaona?"

Anayang'ana uku ndi uku. Telala wa pambali pake anali kalikiliki ndi makina. Anayankha chapansipansi kuti pamabwera kanthu kowala, kokhotakhota.

"Ambiri amakaona kameneko," anatero a Consolata, ngati akunena za mtengo wa tomato. "Umenewo ndi mutu waching'alang'ala weniweni. Ndi matenda odziwika, ali m'mabuku. Si malungo, si majini."

A Consolata ankagwira ntchito ndi gulu lina lochita kafukufuku, limene linachita lendi nyumba yakale m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Ankafuna anthu odwala mutu wotere kuti aone ngati kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kungauletse kubwera. Mwanamvua anapita. Anamufunsa mafunso kwa ola lathunthu ndi theka, anamumvetsera pamtima ndi m'chifuwa, anamufunsa ngati anadwalapo mphumu, anamupempha kuti abweretse mabuku ake onse akale a kuchipatala. Kenako anamuwerengera kalata ya chilolezo, masamba asanu ndi limodzi. Anamva kuti adzachita maere, ena adzalandira mankhwala enieni, ena makapisozi opanda kanthu, ndipo palibe adzadziwe mpaka pamapeto. Dzina la mankhwalawo linatchulidwa, lalitali lachizungu, linalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Iye mumtima anangoti ndi mankhwala atsopano ochokera kunja, n'kusaina.

Mwezi woyamba sanamupatse kanthu koma kalendala yoti azichonga tsiku lililonse limene mutu wapweteka. Anachonga masiku khumi ndi limodzi. Kenako anayamba kumwa makapisozi obiriwira. Mwezi wotsatira anachonga asanu ndi anayi, wina asanu, wina atatu. Ankayang'ana kalendalayo mokayikira ngati munthu amene wapatsidwa chenje chopitirira. Ramazani itafika anamusinthira nthawi kuti azimwa pa daku, chakudya cha m'bandakucha, ndi pofutulu madzulo, ndipo anafunga, kusala kudya mwezi wonse, mutu utangobwera kamodzi. Tsiku la Idi anaphika mpunga pautsi kuyambira m'mawa, anadya ndi anthu, anaseka, mpaka madzulo ali bwinobwino. Sakina, amene tsopano anali pabanja, anamuyang'ana n'kunena kuti, "Amao, sindinakuoneni Idi muli chiimire."

Itatha miyezi isanu ndi inayi kafukufuku anatsekedwa. A Consolata anamuitanira m'chipinda n'kumuuza kuti iye anali m'gulu la mankhwala enieni. Anamupatsa kalata yoti akaonetse kuchipatala kuti azikalandira kumeneko, n'kumubwezera mabuku ake anayi aja.

"Ndiye kuchipatalako afika kale kuchokera kunjako?" anafunsa Mwanamvua.

"Tinakuuzanitu poyamba paja, amayi. Si atsopano. Ingopitani."

Anapita m'mawa mwake. Dokotala amene anamupeza anali a Masautso, bambo waimvi amene anakhalitsa pachipatalapo. Anawerenga kalata ija, anagwedeza mutu, analemba, n'kuitana wina. Pawindo la mankhwala mtsikana anamuponyera kapepala kapulasitiki. Mwanamvua anakatenga, anayenda masitepe atatu, n'kuima. Munali timapiritsi ting'onoting'ono tapinki, tokhala ndi kamzere pakati. Anatsegula, anathira tiwiri m'dzanja. Dzanja linatidziwa maso asanatsimikize.

Anabwerera pawindo. "Achemwali, mwasokoneza. Awa ndi a BP."

Mtsikanayo anayang'ana m'buku. "Ndi omwewo, mayi. Amagwira ntchito ziwiri."

"Anabwera liti pano?"

"Amenewo? Ine ndinawapeza. Ndi akalekale."

Anakhala pabenchi. Zaka zisanu ndi zinayi ankafola pawindo lomweli. Ankatenga mapiritsi amenewa, kuwamanga pakona ya chitenje, kukwera nawo minibasi mpaka ku Songani, mwina mutu ukugunda, n'kukawaika m'manja mwa mayi amene ankamutcha waulesi. Mapiritsiwo ankakhala pashelefu m'chipinda chochezera, m'kachitini ka tiyi, iye akubuula kuseri kwa khoma. Poyamba sanamve kanthu. Kenako mkwiyo unamugwira. Anaimirira, anadutsa mzere wonse anthu akung'ung'udza, anakankha chitseko cha a Masautso n'kuunjika mabuku anayi patebulo.

"Tsegulani," anatero.

"Mayi, muli munthu muno."

"Adikire. Ine ndadikira zaka makumi atatu. Tsegulani muone dzanja lanu. Apa ndinu. Apanso ndinu. Malungo, malungo, panado, panado. Mankhwala anali pawindo apo, masitepe khumi kuchokera pampando wanuwo."

A Masautso anavula magalasi. Sanakwiye, ankaoneka wotopa. "Tasuzumirani panjapo. Lero ndiona anthu oposa zana limodzi ndi theka, ndili ndekha. Ndikati ndikhale nanu ola lathunthu ngati a kafukufuku aja, mwana wa malungo andifera pamzere."

"Ola lanji? Mafunso anayi. Anesi aja anandifunsa mafunso anayi ali chiimire, ine ndikuwayeza m'chiuno."

Bamboyo anatsegula buku limodzi, anayang'ana deti la 2004 ndi siginecha yake, n'kutseka. "Kusukulu za mutu wotere anatiphunzitsa tsiku limodzi," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye munthu akangoti mutu, maganizo amathamangira ku malungo."

"Ine sukulu ndinaisiyira pa tsiku limodzi lomwelo," anayankha Mwanamvua. Anatola mabuku ake n'kutuluka, mlonda asanafike.

Sanabwerere pakhonde. Anakwera minibasi ya ku Songani. A Nasoro anali mushopu yawo, atanenepa, ndevu zitachita mbuu, akuwerengera kasitomala masipoko. Atamuona anadzidzimuka, chifukwa panali patatha zaka khumi ndi ziwiri asanaimepo maso ndi maso. Mwanamvua anadikira kasitomala achoke, n'kuika kapepala kaja pakauntala.

"Mukuwadziwa awa?"

A Nasoro anakatembenuza. "Ngati aja ankamwa amayi."

"Ndi omwewo. Ndi amene andichiritsa mutu."

Anawafotokozera zonse, mwadongosolo, mawu osakwera. A Nasoro anamvetsera, kenako anapumira m'mwamba n'kunena kuti zonse amalemba ndi Mulungu, iwo sankadziwa.

"Kusadziwa sindikukuimbani nako mlandu. Inenso sindinkadziwa. Koma inu munandiona ndikusanza mpaka ndulu. Munandiona. Ndiye abale anu atati ndikunamizira, munakhala chete."

"Pepani, make Sakina."

Mawuwo anali aang'ono kwambiri moti anangowonjezera moto. A Nasoro anafunsa ngati angamugulire chakumwa chozizira. Mwanamvua anatenga mapiritsi ake n'kuwoloka msewu kukadikira minibasi.

Mkwiyowo sunasiye ngakhale a Consolata. Sakina naye anali ndi mutu womwewo kuyambira ali kusekondale, ndipo kubanja kwake mawu aja anali atayamba kale kumveka, oti mkazi wake wa uje amadwala posankha masiku. Mwanamvua anaganiza zogawa mapiritsi ake pawiri. Mwamwayi anayamba wauza a Consolata pafoni, ndipo nesiyo anafika pakhonde thukuta lili kamukamu.

"Musayerekeze. Paja munati Sakina ali ndi mphumu? Mapiritsi amenewa angamutseke chifuwa. Si a aliyense."

"Ndiye mulembeni m'kafukufuku wanuyo."

"Tatseka, amayi. Sitikulembanso anthu."

"Mwatseka. Nanga mwapeza chiyani?"

"Zotsatira zituluka pakatha chaka kapena kuposa. Akuluakulu akaziona, mwina malangizo a madokotala asintha."

"Mwawononga mafuta a galimoto miyezi yonseyi kufufuza chinthu chimene chinali pawindo."

A Consolata sanatsutse. Anangoti kuti anthu asinthe zochita amafuna umboni wa konkuno, wolembedwa, ndipo kalendala yake ija ndi mbali ya umboniwo. Mwanamvua anapukusa mutu n'kupondaponda makina mwamphamvu mpaka singano inathyoka.

Anadula pepala la khaki lodulira masitayelo, anajambulapo mizere ndi choko, n'kupatsa Sakina kuti azichonga. Patatha mwezi anamugwira dzanja mpaka m'kachipinda ka a Masautso. Bamboyo asanatsegule pakamwa, Mwanamvua anayala pepala lija patebulo n'kunena kuti mbali imodzi, amasanza, kuwala sakufuna, masiku asanu ndi atatu pamwezi, ndipo ali ndi mphumu. A Masautso anatembenukira kwa Sakina n'kuyamba kumufunsa mafunso. Anamulembera mankhwala ena omwa pogona. Sanamugwire bwino ngati a mayi ake. Amamuumitsa kukamwa, m'mawa amadzuka thupi lili lolemera, ndipo masiku anangotsika kufika pa asanu. Komabe asanu si asanu ndi atatu. Nawo mapiritsi a Mwanamvua pena amatha pawindo, ndipo mwezi wina wa dzinja atasowa kwa masabata atatu mutu unabwerera ndi ukali wake wonse.

Chaka chatha a kafukufuku aja anakonza msonkhano wolengeza zotsatira pahotela ina pamwamba pa phiri. Anaitana madokotala, aphunzitsi a kuyunivesite, ndi alendo awiri ochokera kunja. Anafuna mmodzi mwa odwala aja alankhule, ndipo anasankha Mwanamvua chifukwa kalendala yake inali yodzaza bwino kuposa onse. Anamutumizira galimoto. Mnyamata wa tayi amene ankayendetsa mwambo, yemwenso anali womasulira, anamuuza pakhomo kuti ali ndi mphindi zitatu, angofotokoza mmene moyo wake wasinthira n'kuthokoza.

Anakhala kumbuyo maola awiri akuonera mizere yokwera ndi yotsika pakhoma, anthu akuwomba m'manja. Nthawi yake itakwana anapita kutsogolo atavala diresi losoka yekha, mpango wakuda kumutu, kapepala kali m'manja.

"Ine ndine Mwanamvua Habibu, telala. Mankhwala anuwa andithandiza, sindikana. Koma mwana wanga wandiwerengera. Tikati masiku asanu ndi atatu pamwezi, kwa zaka makumi atatu, akukwana masiku zikwi ziwiri ndi mazana asanu ndi atatu ndi makumi asanu ndi atatu. Ndi zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu ndili chigonere mumdima. Sukulu inapita, banja linapita. Mankhwala anali pawindo nthawi yonseyi. Ndiye ndikufuna wina mwa inu ophunzira andiuze kuti zaka zimenezo ndikazitenge kuti."

Mnyamata uja anamwetulira, anakonza tayi, n'kumasulira m'Chingerezi mawu ochepa osalala. Alendo aja anagwedeza mitu mokondwa, ena anayamba kuwomba m'manja. Koma Chingerezi cha Sitandade 8 chinali chikadalimo m'mutu mwa Mwanamvua, ndipo anamva bwinobwino mawu othokoza akutchulidwa kawiri.

"Sindinanene zimenezo," anatero pamaikolofoni. "Achimwene, nenani zimene ndanena."

Ambiri mwa anthuwo anali Amalawi ndipo anali atamva kale zonse m'Chichewa, koma anangoyang'ana m'mabotolo awo a madzi. Mnyamatayo anayamba kufotokoza kuti nthawi yatha. Apo a Consolata anaimirira kuchokera pampando wa pakona, anayenda mpaka kutsogolo, anatenga maikolofoni m'manja mwake n'kumasulira mawu onse, limodzi ndi limodzi, ndi manambala omwe. Sanadumphe kanthu.

Palibe anawomba m'manja. Mkulu wa kafukufukuyo, mayi wa magalasi, anaimirira n'kunena kuti funsolo alibe nalo yankho, ndipo sayesa kupeka. Anati chimene angathe n'kulemba tsamba limodzi la mafunso oti lizipachikidwa m'zipinda za madokotala, ndipo anafunsa ngati Mwanamvua angalione lisanasindikizidwe. Mwanamvua anati aliona, bola likhale m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo funso la mphumu lisaiwalike.

Chakudya cha masana sanadye nawo. Anauza dalaivala kuti amutsitsire m'tauni chifukwa anali ndi madiresi asanu a anamwali operekeza mkwati ofunika Lachisanu. Tsamba lija linabwera patatha miyezi inayi. Anakonzamo mawu awiri ndi choko chofiira n'kulibweza. Ngati linapachikidwa m'zipinda zonse, iye sakudziwa. M'chipinda cha a Masautso lilimo, analimata ndi pulasitala pafupi ndi windo.